Kuchokera pa Mkanda Kufika pa Dayamondi: Mbiri ya Chikole ku Feira

Pamene mtsinje wa Luangwa umathira madzi ake mu Zambezi pali tauni yaing'ono imene akuluakulu amaitchulabe kuti Feira, ngakhale kuti dziko la Zambia litalandira ufulu dzina lake linasinthidwa n'kukhala Luangwa. Kutsidya kwa mtsinje wa Luangwa kuli Zumbo wa ku Mozambique, ndipo kutsidya kwa Zambezi kuli Kanyemba wa ku Zimbabwe. Malo amenewa anayamba kukhala msika zaka pafupifupi 300 zapitazo, ndipo eni ake, Ansenga a kwa Mburuma ndi Achikunda a kwa Mphuka, aona zinthu zonyezimira zambiri zikufika ndi mtengo woopsa kenako n'kutsika mpaka kusanduka zoseweretsa ana. Chonyezimira cha masiku ano ndi mphete ya dayamondi, imene mnyamata akuti ayenera kugwada nayo pamaso pa mtsikana asanatume n'komwe ankhoswe. Funso loti kodi mphete yotere ndi yoyenera kuigula silingayankhidwe bwino m'sitolo ya ku Lusaka, chifukwa wogulitsa ali ndi mbali yake. Limayankhidwa bwino ndi mbiri ya chigwa chino, imene imasonyeza zinthu ziwiri mobwerezabwereza: kuti mtengo wa chokongoletsera umaikidwa ndi amene agwira njira yake, ndiponso kuti mphamvu ya chikole cha chitomero sinachokerepo pa mtengo wake.

Mbiri yapakamwa ya Ansenga imati makolo awo anachokera kumpoto, kudziko la Aluba m'chigawo chimene lero ndi Congo, n'kumatsika pang'onopang'ono mpaka kufika m'chigwa cha Luangwa. Monga Achewa, anabwera ndi mwambo wotsata mtundu kuchikazi, ndipo ukwati wawo unaumbidwa ndi mwambo umenewu. Mnyamata akaona mbeta n'kuvomerezana naye, ankamupatsa chikole: mikanda yochepa, chibangili kapena kansalu. Mtsikana sankachibisa. Ankachionetsa kwa agogo ake kapena kwa wamkulu wina wapabanja, ndipo kuyambira pamenepo nkhani inkachoka m'manja mwa awiriwo n'kulowa m'manja mwa ankhoswe. Zoperekedwa zinali zazing'ono, monga nkhuku kapena khasu, chifukwa chigwa chino ndi cha kashembe ndipo ng'ombe sizinkakhalamo ngati kumapiri kwa Angoni. Chimene mwamuna ankapereka kwenikweni chinali thukuta lake. Ankapita chikamwini, kumanga nyumba pamudzi pa mkazi, kulima munda wa apongozi, kulondera mbewu usiku kuti njovu ndi mvuu zisadye, ndipo akuchikazi ankamuona dzinja ndi chilimwe asanamukhulupirire. Chibwenzi chikatha ukwati usanachitike, chikole chinkabwezedwa kudzera mwa akuluakulu omwewo. Choncho kamkanda kotchipa kankamanga anthu awiri mwamphamvu chifukwa kanali ndi mboni, ndipo munthu sakanatha kukakana popanda kuchititsa manyazi mtundu wake wonse.

Izi sizikutanthauza kuti anthu a m'mbali mwa Zambezi sankadziwa zinthu zamtengo wapatali. Kumtunda kwa mtsinjewu, pa Ingombe Ilede kufupi ndi Chirundu, ofukula zakale anapeza m'chaka cha 1960 manda a anthu olemera amene anaikidwa ndi mikanda yagolide, mitanda yamkuwa ndiponso mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja ya Indian. Zimenezi zikuonetsa kuti Apwitikizi asanakhazikike kuno, katundu wakutali anali atayamba kale kukwera ndi Zambezi. Chokongoletsera cholemekezeka kwambiri chinali mphande, kachidutswa koyera kozungulira kodulidwa ku chigoba cha nkhono ya m'nyanja yamchere, kamene mafumu ankavala pachifuwa kapena pamphumi. David Livingstone atapatsidwa mphande ndi mfumu Shinde ya Alunda m'chaka cha 1854, anauzidwa kuti mphande ziwiri zinkagula kapolo ndipo zisanu zinkagula mnyanga wa njovu. Kugombe la nyanja chigoba chomwecho chinkatoledwa pamchenga. Chinkakwera mtengo chifukwa cha kutalika kwa ulendo ndi kuchepa kwa anthu odziwa njira, osati chifukwa choti chinali ndi ntchito ina iliyonse kupatula kuonetsa ulemerero wa wovalayo.

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700, cha m'ma 1720, amalonda olankhula Chipwitikizi, ambiri a iwo ochokera ku Goa, anakhazikitsa msika pa Zumbo, ndipo pambuyo pake ena anamanganso kutsidya lino, pa Feira. Ankafuna golide wochokera kudziko la Arozvi kumwera kwa Zambezi, minyanga ya njovu ndi mkuwa wochokera kumpoto. Iwo ankabweretsa nsalu za ku India ndi mikanda yagalasi, ndipo ankatuma akapolo awo odalirika kukayenda ndi katunduyu m'midzi yakutali. Pa malonda amenewa mikanda inachuluka m'chigwa, n'kulowa m'moyo wa banja mozama: mikanda ya m'khosi, ya m'manja, ndi ya m'chiuno imene anamkungwi ankaphunzitsa tanthauzo lake kuchinamwali. Koma tikayang'ana amene ankapindula, phunziro lake ndi lowawa. Mkanda unkapangidwa wambirimbiri ku India ndi ku Ulaya pamtengo wochepa zedi, pamene golide ndi minyanga zinali chuma chenicheni kulikonse kumene zinkapita. Mtundu wina wa mkanda ukachuluka, anthu ankaukana n'kufuna wina, ndipo amene anasunga wakalewo ankatsala ndi thumba la galasi. Nkhondo, chilala ndi kuchepa kwa golide zinafooketsa msikawu mpaka amalonda anausiya m'zaka za m'ma 1830. Livingstone atafika pamathiriro amenewa mu January 1856 anangopeza mabwinja a nyumba zamiyala, tchalitchi chogumuka ndi belu losweka.

Kusintha koyamba kwakukulu pa nkhani ya ukwati kunabwera ndi Achikunda. Iwo anayamba ngati asilikali aukapolo m'minda ikuluikulu ya Apwitikizi kumunsi kwa Zambezi, cha ku Tete ndi Sena, ndipo minda ija itasokonekera ambiri anakwera mtsinje monga alenje a njovu ndi opalasa mabwato. Zumbo atatsegulidwanso m'zaka za m'ma 1860, atsogoleri okhala ndi mfuti monga José do Rosário Andrade, wodziwika kuti Kanyemba, ndi José de Araújo Lobo, wodziwika kuti Matakenya, analamulira dera lonseli ndi malonda a minyanga ndi akapolo. Achikunda ankatsata mtundu kuchimuna, ndipo mlenje woyendayenda analibe nthawi yokhala chikamwini zaka zingapo. Ena anatenga akazi mwankhondo, ena anapereka nsalu ndi mikanda kuti mkazi apite kwawo. Apa ndi pamene katundu anayamba kulowa m'malo mwa thukuta, ndipo kwa nthawi yoyamba mwamuna ankatha kufupikitsa mayeso a apongozi pongotsegula mtolo. M'nyengo yomweyi mphande inakumana ndi tsoka lake. Amalonda anayamba kubweretsa mphande zoumba ndi dothi loyera kapena galasi, zopangidwa zambirimbiri kunja, ndipo chinthu chimene kale chinkagula munthu chinafika pogulidwa ndi aliyense. Mphande inakhalabe yolemekezeka pa miyambo ya ufumu ndi ya mizimu, koma monga chuma chosunga inatha.

Pamene izi zinkachitika pa Zambezi, kumwera kunkachitika chinthu chimene chinadzafika ku Feira mwa njira ziwiri. Kwa zaka mazana ambiri dayamondi ankapezeka makamaka ku India, kenako ku Brazil kuyambira m'zaka za m'ma 1720, ndipo anali wa mafumu ndi anthu olemera okhaokha; mphete ya chitomero ya dayamondi imene imatchulidwa kawirikawiri kuti ndi yoyamba ndi ija Maximilian wa ku Austria anapatsa Mary wa ku Burgundy m'chaka cha 1477. Koma m'chaka cha 1867 dayamondi anapezeka ku South Africa, ndipo pofika 1871 anthu zikwizikwi anali akukumba pa Kimberley. Miyala inatuluka yambiri kotero kuti mtengo ukanagwa ngati wa mphande. Cecil Rhodes anaona kuti njira yokhayo yopewera izi inali kugwira migodi yonse m'dzanja limodzi n'kumatulutsa miyala pang'onopang'ono, ndipo m'chaka cha 1888 anakhazikitsa De Beers Consolidated Mines. Chaka chotsatira kampani yake ina, British South Africa Company, inalandira chilolezo cha Britain cholamulira maiko a kumpoto, ndipo ndi kampani imeneyi imene inalamulira dziko lino mpaka 1924. Choncho dayamondi anafika ku Feira poyamba osati ngati mphete, koma ngati boma ndi msonkho. Amuna anayenera kupeza ndalama zachitsulo, ndipo Feira anasanduka doko lowolokera anthu opita kumigodi ndi kumafamu a ku Southern Rhodesia. Mnyamata wokhala ku Salisbury zaka ziwiri sakanatha kulima munda wa apongozi, motero ankatumiza mashiling'i, bulangete ndi nsalu. Ndalama inalowa m'ukwati ndipo sinatulukemonso.

Mphete yeniyeni inabwera ndi tchalitchi. M'chaka cha 1910, ufumu utagwa ku Portugal, ansembe a Chijezuiti anathamangitsidwa m'maiko olamulidwa ndi Apwitikizi, ndipo ena amene anali pa Miruru, kufupi ndi Zumbo, anawoloka Luangwa n'kukhazikika pa Kapoche ndi pa Katondwe, pamene lero pali chipatala cha mishoni chodziwika m'boma lonse. Ukwati wa m'tchalitchi unabweretsa malumbiro a paguwa, kaundula ndi mphete yodalitsidwa. Choyenera kukumbukira n'chakuti mphete imeneyi inali ya ukwati, osati ya chitomero, ndipo inali yosalala, yopanda mwala uliwonse. Palibe wansembe kapena m'busa amene anafunsapo mtengo wake asanaidalitse. Akhristu a m'chigwa anailandira mosavuta chifukwa inkagwira ntchito yofanana ndi chikole cha makolo: kanthu kakang'ono koperekedwa pamaso pa mboni, kouza mudzi wonse kuti munthu uyu ali ndi mwini wake. Ankhoswe sanachotsedwe, anangowonjezeredwa malo pabenchi lakutsogolo. Mpaka lero malamulo a Zambia amavomereza ukwati wolembetsa ndi ukwati wachikhalidwe, ndipo pamene khoti la m'mudzi likufuna kudziwa ngati panali ukwati, limafunsa ngati mabanja anavomerezana ndiponso ngati zoyenera zinaperekedwa. Silifunsa za mwala wapachala.

Mwambo woti chitomero chimafuna dayamondi ndi wamng'ono kuposa mishoni ya Katondwe, ndipo unabadwira m'ofesi yotsatsa malonda. M'zaka za m'ma 1930 chuma cha dziko lonse chitagwa, anthu ambiri anasiya kugula dayamondi. De Beers, imene panthawiyo inali m'manja mwa Ernest Oppenheimer wa Anglo American, kampani yomweyo imene inali ndi migodi ikuluikulu ya kopa ku Copperbelt, inachita zinthu ziwiri. Inakhazikitsa bungwe limodzi ku London logulitsira dayamondi wosasema wa pafupifupi dziko lonse, ndipo m'chaka cha 1938 inalemba ntchito kampani yotsatsa malonda ya ku America, N. W. Ayer, kuti isinthe maganizo a achinyamata. Akatswiri a mafilimu anavekedwa mphete, nkhani zinalembedwa m'magazini, ndipo m'chaka cha 1947 mayi wina wa pakampaniyo, Frances Gerety, analemba mawu otchuka aja onena kuti dayamondi ndi wamuyaya. Mawuwa anali ndi ntchito iwiri: kulumikiza mwala ndi chikondi chosatha, komanso kuletsa anthu kugulitsanso miyala yawo, pakuti miyala yonse ya m'manyumba ikanabwerera pamsika mtengo ukanagwa. Lamulo loti mwamuna awononge malipiro a mwezi umodzi, kenako a miyezi iwiri, linachokeranso m'zotsatsa zomwezi. Ku Japan, kumene mwambowu kunalibe, akwati olandira mphete ya dayamondi sankafika 5 pa 100 aliwonse m'chaka cha 1967, koma pofika 1981 anali pafupifupi 60 pa 100. Mwambo wa mtundu wathunthu unapangidwa m'zaka 14.

Ku Zambia mwambowu unalowera m'matauni. Pambuyo pa 1964 ana a m'chigwa amene anaphunzira anapeza ntchito ku Lusaka ndi ku Copperbelt, kumene mitundu inasakanikirana ndipo miyambo ya ukwati inaunjikana. Malowolo a ndalama zambiri, amene kale anali a mitundu yoweta ng'ombe, anafalikira ngakhale kwa mitundu yachikamwini. Panabwera kitchen party, diresi loyera, keke, holo ndi mzere wa magalimoto. Kenako mafilimu akunja, ndipo posachedwapa Facebook ndi TikTok, zaphunzitsa achinyamata chithunzi cha mnyamata wogwada ndi kabokosi kotsegula, wojambula atabisala pambali. Lero mphunzitsi wa ku Luangwa boma, namwino wa ku Katondwe kapena wogulitsa nsomba zouma pa mlatho wa Luangwa amaona chithunzi chomwecho pafoni yake. Chofunika kuona n'chakuti mphete ya chitomero sinalowe m'malo mwa chilichonse. Ankhoswe akufunikabe, mbale zikupitabe kwa makolo a mkazi, malowolo akulipidwabe, mphete zaukwati zikugulidwabe. Dayamondi wangowonjezera katundu pamutu pa banja limene silinayambe n'komwe, ndipo mosiyana ndi zopereka zina zonse, ndalama yake sipita kwa apongozi kapena kwa mkazi, koma kwa wogulitsa.

Ogulitsa amakonda kunena kuti dayamondi ndi chuma chosunga, ndipo apa ndi pamene mfundo yawo imafooka kwambiri. Golide amagulidwa pa kulemera kwake, ndipo mtengo wake umalengezedwa tsiku ndi tsiku padziko lonse. Dayamondi alibe mtengo umodzi wotero. Mwala uliwonse umayesedwa pa kulemera kwake, pamene karati imodzi ndi magalamu 0.2, pa mtundu wake, pa kuyera kwake ndi pa kasemedwe kake, ndipo wogula wamba sangathe kuona zimenezi ndi maso. Pa mtengo wa m'sitolo pali phindu la mgodi, la osema amene ambiri ali ku Surat ku India, la wogulitsa mopikulitsa, la mwini sitolo, lendi ndi msonkho. Tsiku limene mwini mphete afuna kuigulitsa, wogula wake ndi wamalonda amene angathe kupeza mwala wofanana pamtengo wopikula, choncho amapereka zochepa kuposa pamenepo. Kwa munthu wa ku Luangwa vuto ndi lalikulu kuposa apa, chifukwa ulendo wa ku Lusaka wokha ndi ndalama. Chilala cha 2024, chimene boma linachilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse, chinaonetsa chimene chimapulumutsa banja m'chigwa: mbuzi imagulitsidwa tsiku lomwelo, bwato limabwerekedwa, ndalama ya mufoni imatapidwa. Mwala wapachala sugula thumba la ufa pamsika wa Feira.

Tsopano dayamondi wakumana ndi zimene mphande inakumana nazo. Kampani ya General Electric inapanga dayamondi m'labotale m'chaka cha 1954, koma kwa zaka zambiri anali wa ntchito za m'mafakitale basi. M'zaka zaposachedwapa luso lakula, ndipo mafakitale a ku China ndi ku India akupanga miyala ikuluikulu yoyera imene si yonyengezera ayi: ndi dayamondi weniweni, wolimba ndi wonyezimira mofanana ndi wokumba, ndipo kuti usiyanitse pamafunika makina apadera. De Beers yeniyeniyo inatsegula kampani ya Lightbox m'chaka cha 2018 yogulitsa dayamondi wa m'labotale pa madola 800 pa karati, inatsitsa mtengowo kufika pa madola 500 m'chaka cha 2024, ndipo m'chaka cha 2025 inalengeza kuti ikuitseka chifukwa mitengo inapitirira kugwa. Mtengo wa dayamondi wokumba nawonso watsika, ndipo Anglo American, imene inali ndi magawo 85 pa 100 a De Beers, inalengeza m'chaka cha 2024 kuti ikufuna kusiyana nayo kampaniyi. Ngati eni ake a msika akufuna kutulukamo, n'kovuta kumvetsa chifukwa chimene mnyamata wolandira malipiro a boma angatengere kaloba kuti alowemo.

Pali otsutsa amene mfundo yawo ndi yoyenera kuimva. Iwo amati phindu la mphete yodula lili m'kudula komweko: mwamuna amene wadzimana miyezi ingapo waonetsa kuti sakusewera, ndipo mkazi ali ndi kena kogwira m'manja ngati atasiyidwa. N'zoona kuti chikondi chopanda kudzimana n'chokayikitsa, ndipo makolo ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake ankamulimitsa mkamwini. Koma mayeso awiriwa ndi osiyana. Kulima munda zaka zingapo kunkayesa khalidwe, ndipo kunalibe njira yachidule. Mphete imayesa thumba la tsiku limodzi, ndipo thumba likhoza kukhala la ngongole. Wachuma wachinyengo amapambana mayeso amenewa mosavuta kuposa mmphawi wokhulupirika. Akatswiri awiri a zachuma a pa Emory University ku America, Andrew Francis ndi Hugo Mialon, anafunsa anthu oposa 3,000 m'chaka cha 2014 ndipo sanapeze umboni woti kuwononga zambiri pa mphete kapena pa phwando kumatalikitsa ukwati. Kunena za chitetezo cha mkazi, cholingacho n'chabwino koma chida chake n'cholakwika. Chinthu chimene chimataya gawo lalikulu la mtengo wake pongotuluka m'sitolo sichingateteze munthu. Puloti yolembedwa m'dzina la mkazi, mbuzi zake, makina osokera, fizi yomalizira maphunziro ake kapena mpamba wa geni yake zimamuteteza kwenikweni, ndipo mwamuna amadzimana chimodzimodzi pozigula.

Ena amati kugula dayamondi n'kuthandiza Africa, ndipo amaloza Botswana. Kumeneko n'zoona: migodi ya Orapa ndi Jwaneng yamanga misewu, sukulu ndi zipatala, ndipo boma la dzikolo lili ndi gawo mu De Beers. Koma mwala womwewo unalipirira nkhondo za ku Angola ndi ku Sierra Leone, mpaka maiko anakhazikitsa Kimberley Process, ndondomeko yoletsa malonda a dayamondi wolipirira nkhondo, m'chaka cha 2003, ndipo ku Marange m'dziko la Zimbabwe anthu okumba anaphedwa m'chaka cha 2008. Wogula m'sitolo kawirikawiri sadziwa kumene mwala wake unachokera. Ndipo ngati cholinga n'kuthandiza kwathu, Zambia ili ndi miyala yakeyake: emerald wa ku Lufwanyama, kumene kuli mgodi wa Kagem umene ndi umodzi mwa migodi ikuluikulu ya mwalawu padziko lonse, amethyst wa ku Mapatizya kuchigawo chakumwera, aquamarine ndi tourmaline wa ku Lundazi kuchigawo chakummawa. Mfundo yotsiriza ya otsutsa ndiyo yolimba koposa: dayamondi ndi wokongola ndipo sakandika, pakuti pa muyeso wa Mohs wa kulimba kwa miyala ali pa 10, pamwamba penipeni. Izi n'zosatsutsika. Munthu amene ali ndi ndalama yoti akhoza kuitaya osamva kuwawa, ndipo akudziwa kuti akugula chokongoletsera osati chuma, palibe cholakwa atagula. Cholakwika n'kusandutsa zokonda za olemera kukhala ngongole ya aliyense.

Kwa amene akufunabe mphete, njira zotchipa zilipo zambiri, ndipo iliyonse ili ndi ubwino ndi malire ake. Dayamondi wa m'labotale amapereka maonekedwe ndi kulimba komweko pa kagawo chabe ka mtengo, bola wogula asayembekezere kudzamugulitsanso. Moissanite, amene ali pa 9.25 pa muyeso wa Mohs uja, amanyezimira kwambiri ndipo amapirira ntchito za tsiku ndi tsiku. Cubic zirconia ndi wotchipa koposa, koma amakandika ndi kuzilala pakapita zaka. Emerald ndi aquamarine ali pakati pa 7.5 ndi 8, amethyst ali pa 7, choncho amafuna chisamaliro, makamaka emerald amene amatha kuthetheka akagunda chinthu cholimba. Kwa mayi amene manja ake amachapa, kupala nsomba ndi kuluka mphasa, mwala wotumphuka uliwonse ndi chopinga. Mphete yosalala ya golide kapena ya siliva ndiyo yogwirizana kwambiri ndi moyo wa m'chigwa, ndipo golide ali ndi ubwino woti amagulidwanso pa sikelo. Pogula, munthu ayang'ane chidindo cha m'kati mwa mphete, monga 375 kapena 750 pa golide ndi 925 pa siliva, atenge lisiti yolembapo mtundu wa mwala, ndipo asagule mwala wapamsewu kwa munthu wonong'oneza kuti wachokera kumgodi, chifukwa magalasi a mabotolo anyenga anthu ambiri. Mphete imodzi ikhozanso kugwira ntchito ziwiri, ya chitomero ndi ya ukwati, ndipo palibe lamulo la tchalitchi kapena la boma loletsa zimenezo.

Luangwa wa lero ndi boma limene anthu ake ambiri amadalira nsomba, mphasa, mbuzi, masau ndi minda imene njovu zimalowamo chaka ndi chaka, ndipo kuyambira December mpaka kumapeto kwa February, pamene usodzi umaletsedwa, ndalama imasowa m'nyumba zambiri. M'malo otere banja latsopano limafunika kuyamba ndi denga la malata, ukonde wabwino ndi kangachepe kosunga, osati ndi ngongole ya chinthu chimene mtengo wake ukutsika. Mikanda, mphande ndi dayamondi zayenda njira imodzi: chilichonse chinali chodula pamene njira yake inali m'manja mwa ochepa, ndipo chinatsika pamene ena anaphunzira kuchipanga. Chimene sichinatsike mtengo m'zaka zonsezi ndi mawu operekedwa pamaso pa mabanja awiri, amene angathe kumuitana munthu n'kumufunsa akawaphwanya. Choncho yankho la funso lija ndi lakuti kwa achinyamata ambiri a m'chigwa chino, ndi a ku Zambia konse, mphete ya dayamondi wokumba si yoyenera kuigula. Makolo ndi ankhoswe ali ndi gawo lawo pano, chifukwa mnyamata amachita manyazi kutchula za mtengo ndipo mtsikana amaopa kusekedwa ndi anzake. Ndi akuluakulu amene angathe kunena poyera pa tsiku lokambirana kuti mphete yotchipa yakwanira, n'kufunsa awiriwo kuti ndalama yotsalayo aigwiritsa ntchito yanji.